Mwana wa masiku 9 sakuchoka pabere, apongozi akuti tiyambe kumumwetsa madzi

AmakeTaonga
Moni azimayi anzanga, ndi inu abambo amene mumangosuzumira muno osayankhula. Ndikulemba 02:00 usiku, foni kudzanja lamanzere, mwana kudzanja lamanja. Ndinachira masiku 9 apitawo, mwana woyamba, wamkazi, anabadwa ndi makilo 3.1. Timakhala ku Chawama, ku Lusaka.

Mwanayu sachoka pabere. Akayamwa amagona pang'ono, ndikangomugoneka pabedi, basi wayambanso. Madzulo ndiye nkhondo yeniyeni, kuyambira dzuwa likamalowa mpaka cha m'ma 22: kuyamwa, kusiya, kulira, kuyamwanso. Nkhumbu yakumanzere yang'ambika. Dzulo ndinaona timagazi pamlomo pake, ndinalira kuposa iyeyo. Akamagwira bere ndimaluma chitenje.

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Katete kudzandithandiza, ndipo sindingawanenere zoipa. Akuphika, akuchapa matewera, akunditenthetsera madzi osamba. Koma akuti mkaka wanga ndi wamadzimadzi, mwana sakukhuta, ndiponso ndi kutentha kwa Okutobala kuno ali ndi ludzu. Akufuna tizimumwetsa madzi owiritsa ndi supuni, tigulenso gripe water. Bambo ake a mwana akuti tingogula chitini cha mkaka kuti nyumba yonse igone. Ku kiliniki anatiuza kuti bere lokha miyezi 6. Ndimvere ndani? Nanga ndidziwa bwanji kuti akukhuta, poti bere lilibe manambala ngati botolo?

Mai_Garden
Pepani amake mwana. Funso limodzi lokha: matewera onyowa mukusintha angati pa tsiku?

AmakeTaonga
Sindinawerenge bwino, koma dzulo apongozi anayanika 8, osawerengera Pampers awiri a usiku amene tinataya. Akubiba zachikasu, za tinjere.

Mai_Garden
Ndiye zonyowetsa matewera 8 zikuchokera kuti ngati sakuyamwa? Apongoziwo awerenge okha pachingwe, ndiwo akuchapa.

MzambaWopuma
Mwana wanga, ndagwira ntchito m'chipinda chochilira zaka zambiri ndisanapume, ndipo funso lanuli ndalimva kosawerengeka. Mai_Garden afunsa pamene pali nkhani. Khanda likapitirira masiku 5, ngati likunyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wake woyera, chimbudzi chasiya kuda kwa masiku oyamba kuja n'kukhala chachikasu, mkaka ukulowa. Mboni ina ndi sikelo. Ana ambiri amatsika thupi masiku oyamba, ndipo pofika masabata awiri amakhala atabwerera pamene anabadwira. Kodi tsiku la 6 munapita kukaonedwa? Ngati simunapite, pitani kukacha, musadikire za masabata 6.

M'mimba mwa khanda ndi mochepa kwambiri. Tsiku lobadwa mumangokwana mkaka wa supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri, ndipo mkaka wa m'mawere suchedwa kugayika. Kuyamwa ka 8 mpaka 12 usana ndi usiku ndi khalidwe la khanda, ena amapitirira pamenepo. Zamadzulo zijazo, zogwira n'kusiya n'kugwiranso, ndi mmene mwana amaitanitsira mkaka wa mawa. Bere limapanga molingana ndi umene wachokamo. Mukamuthira madzi m'mimba, malo a mkaka atha, ayamwa pang'ono, bere nalo lichepetsa, ndiye zimene apongozi akuopazo zichitikadi.

Mkaka wooneka wamadzimadzi uja ulibe vuto. Woyamba kutuluka umakhala wotero, ndiwo umapha ludzu. Wamafuta umabwera bere likamapepuka, n'chifukwa chake musamuchotse msanga, amalize limodzi kaye. Wofunika kumwa madzi m'kutentha kuno ndinu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi nkhumbuyo. Kuyamwitsa sikuyenera kukulumitsani chitenje. Kawirikawiri ndiye kuti mwana akugwira kansonga kokha. Mimba yake igunde mimba yanu, khutu, phewa ndi chiuno zikhale pamzere umodzi, asapotokole khosi. Mphuno yake iyang'anizane ndi nkhumbu. Dikirani atsegule kukamwa ngati woyasamula, ndiye mumubweretse iye kubere, osati inu kuweramira iye. Akagwira bwino, chibwano chimakhudza bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, ndipo pakuda pa bere pamaoneka kwambiri kumtunda kusiyana ndi kumunsi. Mudzamumva akumeza. Pomuchotsa musamukoke, lowetsani kachala kotsuka m'mbali mwa kamwa. Akatha finyani timadontho ta mkaka mupake pachilondapo, pawume ndi mphepo. Sopo ayi pamenepo. Timagazi tija sitimupweteka mwana.

AmbuyaAkuPetauke
Ana a masiku ano mumatiyesa ife mbuli. Ndabereka ana 7, onse ndinawamwetsa madzi, ena tiphala pa miyezi iwiri, lero ali pamabanja awo ku Chilenje ndi ku Kitwe. Mayi wasiya munda ku Katete mvula ili pafupi, kudzachapa matewera a mdzukulu, inu n'kumamuzenga mlandu pa foni? Mawu a akulu akoma akagonera.

Tiyanjane22
Ambuya, palibe wanyoza, mwini wake wayamba ndi kuwayamika. Koma madzi amene munkamwetsa ana kwanu si madzi a m'chigubu cha ku komboni kuno. Mwaiwala kale kolera ya 2023 mpaka 2024, odwala mpaka kugonekedwa ku Heroes Stadium? Chigubu, kapu, supuni, manja, paliponse matenda angalowere.

AmbuyaAkuPetauke
Anena madzi owiritsa. Muziwerenga musanayankhe.

MzambaWopuma
Ambuya, inenso ndine wa m'badwo wanu. Mwana wanga woyamba ndinamumwetsa madzi a shuga, chifukwa ndi zimene akuluakulu anandiuza. Tinkafinyiranso pansi chithuwi, mkaka woyamba wachikasu uja, ati ndi wonyansa, pomwe ndiwo uli ndi chitetezo chochuluka. Ana athu ambiri anakula, inde. Koma inu ndi ine tikudziwa timanda tating'onoting'ono ta kwathu. Mwana ankatsegula m'mimba, liwombo n'kulowa, ife kuthamangira zopaka pamutu ati ndi chapamutu, pomwe mwana watha madzi m'thupi. Ngakhale madziwo awiritsidwe, khanda siliwafuna. Ine ndingoti amake Taonga apite nawo apongoziwo ku kiliniki akamve okha. Munthu wamkulu samva bwino malangizo ochokera kwa mkazi wa mwana wake, koma kwa namwino wa imvi amamva.

BamboWaMapasa
Ndiloleni ndiyankhule kwa mwamuna mnzanga woti tigule chitiniyo, mumuwerengere. Akulu, ine ndinali ndi awiri nthawi imodzi. Bere tilibe, koma manja tili nawo. Mwana akayamwa ndinkamunyamula ine, kumuika paphewa mpaka ageye, kuyenda naye m'chipinda mayi ake akugona. Ndinkavula shati n'kumugoneka pachifuwa, ankangoti zii ngati wazimitsa wailesi. Kutunga madzi, kuyatsa mbaula, kugula malasha, zonse zinali zanga. Anzanga kumalo okwerera basi ankandiseka kuti andidyetsa. Lero mapasa ali giredi 2. Chitini chimene mukuchinenacho chimatha masiku ochepa, ndipo mukayamba simusiya. Werengerani ndalama yake mpaka miyezi 6, mubwere mutiuze.

NaBanda_Mtendere
Abambo awa aikidwe mu fulemu. Anga anasamukira pa sofa tsiku lachitatu, ati mwana akusokoneza tulo ta munthu wa ntchito.

NaBanda_Mtendere
Koma zoona zake amake mwana, imwani munkoyo. Ine ndinkamwa botolo lalikulu pa tsiku, mkaka mpaka kunyowetsa bulauzi. Ndi phala la nshawa m'mawa.

MlongoWakuDedza
Nshawa n'chiyani kodi? Ndakhala ku Kamwala zaka zitatu koma mumandisokonezabe.

NaBanda_Mtendere
Ndi mtedza wanu uja, mlamu. Ife nshawa, inu mtedza. Ife chibwabwa, inu nkhwani. Ife kalembula, inu kholowa. Mphika ndi umodzi.

MlongoWakuDedza
Aaa ndamva. Kwathu womuyamwitsa timamufulira thobwa. Amayi anga ananditumizira chimera pa basi kudzera ku Mwami, mwana wanga atabadwa.

Shakeshake_Fan
Munkoyo ndi zoseweretsa. Paketi imodzi ya Chibuku, mkaka umachita kuthamanga. Funsani aliyense ku Kanyama.

Mai_Garden
Inu musaphe ana a eni. Mowa umalowa mu mkaka. Ndipo mayi woledzera akagona ndi khanda pabedi limodzi, angaligonere osadziwa.

MzambaWopuma
Mowa ayi, pa mimba ndi poyamwitsa pomwe. Za munkoyo ndi thobwa sindiletsa, bola zikhale zatsopano, zisanasase, ndipo madzi ake akhale owiritsa. Koma tinene zoona: si muzu wa munkoyo umene umapanga mkaka. Mayi amene wamwa botolo lonse ndiye kuti wapeza madzi ndi mphamvu, ndipo wakhala pansi. Nsima, nyemba, kapenta, masamba otendera, chipatso chimene chilipo, zimenezi zikukwana. Chopanga mkaka chenicheni ndi kamwa la mwana pabere.

Pakati_Miyezi6
Pepani kulowerera, ndaona kuti muli azamba muno. Ine ndili ndi pakati pa miyezi 6, ndipo ndikuchita manyazi kunena. Ndikudya dothi. Lija amagulitsa m'timapepala kumsika. Ndikamva fungo la mvula yoyamba kapena wina akathira madzi pabwalo, malovu amadzadza m'kamwa. Mapiritsi owonjezera magazi ndinasiya, amandichititsa mseru ndipo chimbudzi chimada bii. Usiku chilungulira sichindigonetsa. Ndili bwino ine?

Tiyanjane22
Manyazi a chiyani? Theka la azimayi muno analidya, angokhala chete. Ine ndinkabisa m'chikwama ngati maswiti.

WaSalaula_Soweto
Ine ndinkachita kusankha, lofiirira ndi loyera, lowotcha bwino. Mpaka wogulitsa ankandisungira. Koma kudzimbidwa kwake, abale, ndinkatuluka m'chimbudzi ngati ndachokera kumunda.

MzambaWopuma
Mwachita bwino kunena, mwana wanga. Chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayenda limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndiye inu mwasiya mankhwala amene akanakuthandizani n'kutsala ndi dothi limene likuwonjezera vuto. Dothi limatsekereza ayironi wa m'chakudya kuti asalowe bwino m'thupi, limadzimbiritsa, lingakhale ndi mazira a njoka za m'mimba, ndipo simudziwa kumene linakumbidwa. Ganizirani za Kabwe, kumene dothi lina lili ndi mtovu wotsala ndi mgodi wakale. Kuwotcha sikuchotsa mtovu.

Pitani ku sikelo mukawauze monga mwanenera muno, akuyezeni magazi. Mapiritsiwo yambaninso. Kuda kwa chimbudzi ndi ntchito ya mankhwalawo, musaope. Za mseru, yesani kumwa usiku mukatha kudya, osati m'mawa m'mimba mulibe kanthu. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa. Mwerani madzi, ndipo ngati pali lalanje, gwafa kapena mango, idyani pamodzi. Mayi wochepa magazi akataya magazi pochira alibe posungira, ndi pamene timataya azimayi.

Chilungulira chimabwera chifukwa mwana akukankha m'mimba ndipo khomo la chifu limafooka pa mimba. Idyani pang'onopang'ono kangapo, osati mitanda itatu nthawi imodzi usiku. Mukadya musagone pompo, khalani kaye kapena yendani pabwalo. Kwezani pilo, gonani chammbali. Vitumbuwa ndi zokazinga zamadzulo zichepe.

Pakati_Miyezi6
Zikomo amama. Nanga Fansidar uja wopewera malungo ndi wofunikadi? Kuno ku Kaunda Square malungo si ambiri, ndipo amandizunguza mutu.

MzambaWopuma
Imwani. Amayamba mimba ikapitirira miyezi itatu, kenako mwezi ndi mwezi, ndipo amamwetsa pomwepo pamaso pa namwino. Idyani kaye musanapite. Malungo a pa mimba amatha kubisala m'nsengwa mayi osamva kudwala, mwana n'kubadwa wochepa thupi. Ndipo nonsenu Khrisimasi mumapita kwanu ku Chipata kapena ku Lundazi, kumene udzudzu sufunsa kuti mwachokera ku Lusaka. Gonani mu neti. Amene akumwa mankhwala a Septrin tsiku ndi tsiku sapatsidwa Fansidar, muziwauza anamwino. Kale tinkati sikelo kanayi, koma kuyambira 2016 bungwe la WHO limati mayi aonedwe ka 8, koyamba mimba isanapitirire masabata 12.

MlongoWakuDedza
Ine anandiletsa mazira, ati mwana abadwa wopanda tsitsi. Ndinkakazinga mobisa amuna anga akapita kuntchito. Mwana anabadwa ndi tsitsi ngati wigi.

NaBanda_Mtendere
Ine anandiletsa kuima pakhomo, ati mwana adzaima panjira. Nyumba ya chipinda chimodzi, mphepo ikulowera pakhomo pomwepo, ndikaime kuti?

AmbuyaAkuPetauke
Sekani. Miyambo ina inali ndi nzeru zake.

Tiyanjane22
Za kuseka zili apo, koma mumve izi inu a miyezi 6. Mng'ono wanga pa mwezi wa 8 anayamba kutupa. Mapazi tinati ndi zachizolowezi, aliyense amatupa madzulo, makamaka akaima tsiku lonse kapena kupanikizana mu minibasi kuchokera ku town. Kenako mphete inakana kutuluka pachala, nkhope inafufuma, mutu kuwawa osamva Panadol, akuti akuona tinyenyezi. Ife tinkati ndi dzuwa. Mwamwayi mnansi wathu wa m'gulu la SMAG, lija loona za uchembere wabwino m'madera, anamuona n'kunena kuti nyamukani tsopano lino. BP inali pamwamba zedi, anamutumiza ku chipatala chachikulu cha UTH usiku womwewo n'kumuchita opaleshoni. Onse ali moyo. Akanagona kunyumba bwenzi tikunena zina. Mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kusaona bwino, kutaya magazi, kutentha thupi, mwana kusiya kugunda m'mimba: osadikira tsiku lolembedwa pa kadi.

MlongoWakuDedza
Ndipo musamwe za zitsamba zofulumizitsa matenda. Kwathu timati mwanamphepo. Chiberekero chimatha kung'ambika.

Mai_Garden
Abale, tamusiya mwini funso ali ndi bere long'ambika ife tili pa mazira. Amake Taonga, mulipo?

AmakeTaonga
Ndilipo, ndikuwerenga zonse. Ndayesa kumugwiritsa monga anenera amama azamba. Kumanja zatheka, sindinamve kuwawa. Kumanzere ndikuopa, ndiye kuyambira usiku ndikungomupatsa lakumanja. Lakumanzere lauma ngati mwala ndipo likutentha.

WaSalaula_Soweto
Mayo, musatero! Ndi mmene ndinadwalira ine. Ndinalisiya bere limodzi masiku awiri chifukwa cha chilonda. Tsiku lachitatu ndinayamba kunjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo, ndinafunda mabulangete awiri, ndinkati ndi malungo. Bere linafiira mbali imodzi, lolimba, losakhudzika. Anandiyeza malungo, palibe. Anandipatsa mankhwala a masiku angapo n'kundiuza kuti ndipitirize kuyamwitsa bere lomwelo. Azakhali anga ankati mkaka wawola, upha mwana. Bodza. Mwana ndiye anandichiritsa. Mnzanga wa pa tebulo loyandikana nane anachedwa, lake linachita mafinya mpaka analing'amba.

MzambaWopuma
Mverani zimenezo. Bere lisagone ndi mkaka. Likauma chotero mwana amalephera kugwira, amangoterereka n'kuluma nsonga, chilonda n'kukula. Sambani m'manja, finyani pang'ono kaye mpaka pakuda paja pafewe: chala chachikulu pamwamba, cholozera pansi, kumbuyo kwa nkhumbu, kanikizirani chakuchifuwa kenako finyani, osakoka. Ndiye mumuike. Yambani ndi bere labwinolo kuti ukali wa njala uthe, kenako mumusamutsire kumanzere. Yesaninso kumugwira mwina, miyendo yake ipite kukhwapa kwanu, kuti mkamwa musagunde pachilonda pomwe paja. Akatha ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira. Musalikande mwamphamvu, ndipo musalole kuti alithowe ndi madzi owira. Ngati sakugwirabe, finyirani m'kapu yoyera mumumwetse ndi kapuyo. Mukayamba kutentha thupi, kuzizidwa, kapena bere likafiira, pitani lero lomwe. Akamuonenso mwana pansi pa lilime, ena amabadwa ndi kamtsempha kogwira lilime.

Ndi khandalo: likakana kuyamwa, likamangogona osadzuka, likatentha kapena kuzizira thupi, kupuma mothamanga, maso ndi zikhatho kuchita chikasu, mchombo kufiira kapena kununkha, thamangani. Gripe water musiyeni m'sitolo.

NaZulu_Kabwata
Ndakhala chete koma ndinene. Nonse mukuyankhula ngati chitini ndi tchimo. Ine ndinachitidwa opaleshoni, ndinataya magazi ambiri, mkaka unachedwa ndipo sunakwane. Ndinamwa munkoyo mpaka kunyansidwa nawo, ndinafinya mpaka mabere kuchita mikwingwirima. Mwana ankatsikabe, matewera ouma. Adokotala eniake ndiwo anati tiwonjezere wa m'chitini. Pamzere wa sikelo ndikatulutsa botolo azimayi ankandiyang'ana ngati ndaba mwana. Wina anachita kundifunsa kuti kodi mukudwala? Ndinkalira m'bafa tsiku lililonse. Mwana wanga ali ndi zaka 4, ndi wanzeru ngati ana anu.

Mai_Garden
Asisi, mwanena zoona ndipo pepani. Kusiyana kwake n'kwakuti inu matewera anali ouma ndipo sikelo inkatsika. Awa matewera ndi 8. Chitini chogula chifukwa sikelo yanena ndi china, chogula chifukwa abambo akufuna tulo ndi china.

NaZulu_Kabwata
Pamenepo tagwirizana. Ndimangofuna wina amene ali ngati ine asadzione ngati walephera umayi.

MayiWaChiyembekezo
Funso lija lakuti kodi mukudwala limandipweteka, chifukwa ine ndikumwadi ma ARV, ndipo ndinayamwitsa. Anthu akadali ndi nzeru zakale zoti mayi wa kachilombo sayamwitsa. Malangizo a lero ndi akuti umwe mankhwala ako osadumphitsa, mwana apatsidwe ake a madzi aja, bere lokha miyezi 6, kenako zakudya uku akuyamwabe. Chimene anandichenjeza kwambiri ndi kusakaniza, lero bere, mawa madzi, mkuja phala, chifukwa zimakanda matumbo a khanda n'kutsegulira kachilombo njira. Tangoganizani kukaniza apongozi madzi pomwe sungawauze chifukwa chake. Ndinkamutenga mwana ngakhale popita kosamba. Amuyeza kangapo mpaka atasiya kuyamwa, alibe. Kwa anzanga onga ine: nkhumbu ikang'ambika kapena kutuluka magazi, musangokhala, pitani akakuuzeni chochita.

BamboWaMapasa
Ulemu wanu, amayi.

MlembiWaOfesi
Poti miyezi 6 yatchulidwa kambirimbiri, amene muli pa ntchito dziwani ufulu wanu. Lamulo la ntchito la Zambia, Employment Code Act ya 2019, limapereka masabata 14 a tchuthi cha uchembere, ndipo amapasa amawonjezeredwa masabata 4. Malipiro onse amabwera ngati mwagwira kwa bwana yemweyo miyezi 24 mosadukiza. Mukabwerera, mpaka mwana akwane miyezi 6, muli ndi ola limodzi pa tsiku loyamwitsira, kapena kawiri mphindi 30, osadulidwa malipiro. Abambo nawo ali ndi masiku 5. Ine kwathu anayamba kuzengereza, ndinachita kusindikiza tsamba lake n'kuwaikira pa tebulo.

WaSalaula_Soweto
Lamulo limenelo silifika pa tebulo langa. Bwana wanga ndi belo la salaula. Ndinabwerera kumsika mwana ali ndi masabata 5, kumbuyo pa chitenje, kasitomala akusankha madiresi ine bere lili panja. Ubwino wake ndi womwewo, sindinafune botolo. Amene ndimawamvera chisoni ndi atsikana ogwira ntchito m'nyumba ku Kabulonga, kulera mwana wa eni wawo atamusiya ku komboni ndi phala.

MlembiWaOfesi
Zoona. Ine ndinkafinya m'mawa ndisananyamuke. M'kapu yoyera yovundikira, pamalo pozizira m'nyumba, umakhala maola 4. Mu fuliji mpaka masiku 4, koma ndi magetsi athu ozimazimawa musadalire masiku amenewo. Osauwiritsa, kungoika kapuyo m'mbale ya madzi ofunda. Ukagawikana, mafuta pamwamba, sunawonongeke, ingougwedezani.

NaBanda_Mtendere
Ndipo wina asakunamizeni kuti woyamwitsa satenga mimba. Ana anga awiri asiyana miyezi 13, mundifunse ine.

MzambaWopuma
Zimateteza pokhapokha zitatu zikakhala pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo simunayambenso kusamba. Chimodzi chikasowa, pitani ku kulera. Ndipo mwana wanga amake Taonga, munati munalira kuposa mwana. Kulira masiku oyamba ano kumachitika kwa ambiri, thupi likusintha ndipo simukugona. Koma zikapitirira masabata awiri, mukamaona kuti palibe chokoma, kapena maganizo oipa akamabwera, uzani munthu, uzani namwino. Amenewo ndi matenda ndipo amachizika. Masana mwana akagona inunso gonani, mbale zisiyeni. Alendo odzaona mwana asakuphikitseni tiyi.

AmbuyaAkuPetauke
Apo pokha ndavomera. Kwathu mayi wa m'chikuta sankagwira mthiko kapena mtsuko mpaka mchombo utagwa, ankangodya ndi kuyamwitsa. Inu a m'tauni ndi amene munataya zimenezo, tsiku lachitatu muli kale pa mpopi.

Tiyanjane22
Ambuya mwawina pamenepo.

AmakeTaonga
Ndabwera kudzakuuzani. Tinapita ku kiliniki m'mawa, ine, mwana ndi apongozi. Bambo ake anatiperekeza mpaka pageti, ndinawawerengera za abambo a mapasa, anangoseka, koma dzulo anatunga zigubu zinayi. Sikelo yati 3.2, wapitirira kale pamene anabadwira. Namwino anandigwira dzanja n'kundionetsa kagwiritsidwe ka kukhwapa kaja, bere lakumanzere lapepuka, likuwawabe koma chitenje sindikuluma. Lilime lake lili bwino. Anati ndikatentha thupi ndibwerere msanga.

Apongozi anafunsa okha za madzi. Namwinoyo ndi wa ku Chadiza, ndiye anayamba kaye kufunsana za kumudzi, za mvula, za mtengo wa feteleza, mpaka ine kuiwalika. Kenako anawauza kuti madziwo azimwetsa ine. Pobwerera sanayankhule kanthu mu basi. Tafika kunyumba andiikira jagi ya madzi pafupi ndi bedi, ndipo madzulo ano ndawamva panja akuwerenga matewera pachingwe mokweza, kuti ndimve. Akwana 9. Gripe water anagula kale mobisa, ali pawindo, sanatsegulidwe. Akuti tiona mwezi ukatha.

Pakati_Miyezi6
Ine ndapita, magazi apezeka ochepadi, andipatsa mapiritsi ena ndi a njoka. Dothi ndataya. Chabwino, ndatsala ndi kamodzi kakang'ono m'chikwama, ndikungokanunkhiza.

WaSalaula_Soweto
Lofiirira kapena loyera?